Cheke chabaunsa, nanga ngongole ili pati?

Anzanga, ndikufunseni kaye. Mwa inu amene simunakwanitse zaka 25, ndi angati munagwirapo cheke m'manja? Sindikunena chimphona cha katoni chija amanyamula anthu anayi pojambulitsa, kampani ikamathandiza timu ya mpira, ayi. Ndikunena chenicheni, kapepala kopyapyala kong'ambidwa m'kabuku, kolembedwa ndi bolopeni, kokhala ndi siginecha ya munthu m'munsi. Ndikudziwa kuti ndinu ochepa. Kapepala kameneka kakupita kumanda ife tikuona, ndipo ambiri a ife ochita geni tikuti kapite, kanatizunza mokwana. Ine ndikuti tikaperekeze bwinobwino, chifukwa m'mbiri yake muli kanthu kena komwe kankatithandiza ife osadziwa, ndipo tidzakasowa.

Muone kaye mmene tauni ya Zomba imadyera. Kuno kulibe mafakitale ngati ku Blantyre, kulibe okushoni ya fodya ngati ku Limbe kapena ku Kanengo. Ndalama ya Zomba imachokera ku malipiro a ogwira ntchito m'boma komanso ku makhitchini akuluakulu: makoleji, sukulu zogonera konko, zipatala, ndende, asilikali, malo ogona alendo a kuphiri. Makhitchini amenewa sagula tomato wapamulu. Amapereka oda kwa sapulaya, sapulayayo n'kubwera kwa ife a pabenchi, kapena kukwera phiri kukatenga mbatatesi ndi kabichi kwa alimi, n'kunena mawu omwe aliyense wa ife, kaya wa ku Mbedza kuno, ku Chinamwali kapena ku Sadzi, anawamvapo: "Mayi, ndipatseni kaye, akandilipira ndikusakani." Akakhala waulemu pang'ono ankakusiyira cheke. Iwe n'kupita nacho kubanki, n'kudikira masiku angapo, kenaka n'kukuitana kuti udzatenge pepala lako. Alembapo zilembo ziwiri, R/D, kutanthauza kuti bwerera kwa amene anachilemba ukamufunse. Banki siulula kuti muakaunti mwake mulibe kanthu, imangoloza chala kwa mwini wake. Ife timangoti chabaunsa.

Zikatere mtima umakuuza kuti wandibera uyu, ndipite kupolisi. Kupolisi ukamva zoti, "Mayi, iyi ndi nkhani ya ngongole, kasumeni kukhoti." Umachokako utakwiya, komatu nthawi zambiri amakhala sakunama. Ukafika kukhoti upeza kuti zoti cheke chinabwerera palibe akutsutsa, chidindo cha banki chilipo. Mkangano wonse umakhala pa funso limodzi: kodi kumbuyo kwa kapepala aka kuli ngongole yomwe lamulo lingakakamize munthu kubweza? Osati ngongole chabe. Ngongole yomwe lamulo likuivomereza. Kusiyana kwa ziwirizi ndiye mbiri yonse yomwe ndikufuna kukufotokozerani.

Funsoli silinabadwire kuno. Chimodzi mwa macheke akale kwambiri omwe akusungidwabe chinalembedwa ku London mu February 1659. Wamalonda wina, Nicholas Vanacker, analembera osunga ndalama otchedwa Morris ndi Clayton kuti apatse bambo wina, Delboe, mapaundi 400. Mukachiyang'anitsitsa, cheke ndi kalata basi. Anthu ake ndi atatu: wolemba, wosunga ndalama, ndi wolandira. Wolemba akulamula wosunga kuti, pa ndalama zanga zili kwa iwezo, mupatse uyu zakuti. Si ndalama ayi. Makolo athu akanachiona akanati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Amalonda a ku London anakangana pa makalata amenewa kwa zaka zoposa 200, oweruza n'kumagamula mlandu uwu lero, wina mawa, mpaka loya wina, Mackenzie Chalmers, anasonkhanitsa zigamulozo n'kuzisanja kukhala lamulo limodzi, Bills of Exchange Act ya 1882.

Patangotha zaka 20, lamulo la ku England linatipeza. Nthawi imeneyo likulu la boma la atsamunda linali konkuno ku Zomba, wamkulu wake Alfred Sharpe, dziko likutchedwabe British Central Africa. Lamulo lochokera ku London mu 1902 linakhazikitsa High Court, n'kunena kuti malamulo akuluakulu omwe ankagwira ntchito ku England pa 11 August 1902 azigwiranso ntchito kuno. Mpaka lero tili ndi Bills of Exchange Act yathuyathu, ndipo mukaiika pambali pa ya Chalmers ija muona kuti ndi mwana ndi bambo ake, mphuno yomweyo.

Tsono m'lamulo limeneli muli mfundo imodzi yomwe ndikufuna muigwiritse. Pa milandu yambiri ya ngongole, wodandaula ndiye amasenza mtolo wa umboni. Ukanena kuti uje ali ndi ndalama zanga, khoti limakufunsa kuti, unam'patsa chiyani, liti, ndani anaona? Koma ukabwera ndi cheke chosainidwa, mtolo umatembenuka. Lamulo limayamba ndi kuganiza kuti munthu amene anasaina analandirapo kanthu. Wosainayo ndiye afotokoze chifukwa chomwe sayenera kulipira. Ndipo lamulo lomwelo limati ngongole yakale, ngakhale ya katundu amene unam'patsa miyezi itatu yapitayo, ndi chifukwa chokwanira cholembera cheke lero. Oweruza a ku England anafika ponena, monga anachitira Lord Denning pa mlandu wa Fielding and Platt ndi Najjar mu 1969, kuti pepala lotere lizitengedwa ngati ndalama yeniyeni pokhapokha patakhala chifukwa chomveka. Tanthauzo lake pamsika ndi ili: munthu sangakane kulipira cheke cha matumba 20 a nyemba ponena kuti thumba limodzi linali lofumbwa. Alipire kaye, za thumba lofumbwalo akadandaule padera.

Mwamva mmene likukomera lamulolo, eti? Funso ndi lakuti linkakomera ndani.

Banki yoyamba kuno inali ya Mandala, kampani ya African Lakes ija ya abale awiri, John ndi Frederick Moir. Standard Bank ya ku South Africa inatsegula ku Blantyre mu 1901, Barclays inabwera pambuyo pake. Amene ankakhala ndi kabuku ka macheke anali azungu a m'maesiteti, akuluakulu a boma, amishoni, ndi amwenye a mashopu akuluakulu. Mzungu sankayenda ndi ndalama m'thumba. Kusitolo, kukalabu, ankangosaina kapepala, mwezi ukatha n'kulemba cheke chimodzi. Siginecha yake inali ndalama.

Agogo athu anawaikira lamulo lawolawo, lotchedwa Credit Trade with Natives Ordinance, ndipo linakhalapo zaka zambiri za ulamuliro wa atsamunda. Linkati wamalonda amene si wakuda akakongoza munthu wakuda katundu wopitirira kandalama kochepa komwe lamulolo linaika, asayembekeze kuti khoti limuthandiza kuitanitsa. Ankati akuteteza anthu akuda kuti asamire m'ngongole. Mwina ena mwa iwo ankakhulupiriradi zimenezo. Koma inu ganizirani ngati munthu wa geni. Ngati ngongole yako singaitanitsidwe kukhoti, ndi holoselo iti ingakupatse katundu kuti udzalipire ukagulitsa? Palibe. Mmwenye wofika kumene ankatsegula kashopu kumudzi ndi nsalu, mchere ndi sopo wapangongole kuchokera kwa mbale wake wa ku Limbe. Munthu wakuda wofuna kutsegula shopu yoyandikana nayo ankayenera kuoda chilichonse ndi kashi. Mpikisano unathera pomwepo. Katundu ankatengedwa, mboni zinkaona, mwinanso pepala linkalembedwa, koma lamulo n'kunena kuti ngongole iyi ine sindikuidziwa. Mukamamva anthu akuti Amalawi sitinabadwire bizinesi, muziwafunsa ngati analimvapo lamulo limeneli.

Sikuti agogowo sankakongozana. Ankakongozana kwambiri, ndipo anali ndi njira zawo zotsimikizira. Panali mboni, makamaka mwinimbumba kapena nkhoswe. Panali chikole: mbuzi, khasu, mfuti yagogodela, pambuyo pake njinga ndi wailesi, zomwe tinadzazitcha pinyolo. M'nthawi ya njala ndi ukapolo ngakhale munthu ankaperekedwa chikole, mbiri yowawa imene sitikonda kuikamba. Mkangano ukabuka unkapita kubwalo la mfumu, ndipo kuyambira 1933 boma linavomereza mabwalo a mafumu kuti aziweruza milandu yotere. Kumeneko umboni unali pakamwa pa anthu, ndipo nthawi sinkawerengedwa. Mwana ankatha kufunsidwa mbuzi yomwe anakongola malume ake. Paja amati mlandu suwola. Musunge mwambi umenewu, tiupezanso kutsogoloku utagwa chagada.

Ufulu utabwera zinthu zinasuntha mwachangu. Reserve Bank inayamba ntchito mu 1965, kwacha inalowa m'malo mwa paundi mu 1971, ndipo chaka chomwecho Standard ndi Barclays anaphatikizana kukhala National Bank of Malawi. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, Zomba n'kutsala ndi Nyumba ya Malamulo, koleji ndi makhitchini aja. M'zaka zomwezo boma la Kamuzu linachotsa amwenye m'midzi n'kuwauza kuti azichitira malonda m'matauni akuluakulu okha, Zomba ali m'gulu. Amalawi analowa m'mashopu osiyidwawo, ambiri n'kugwa posakhalitsa, chifukwa shopu anaipeza koma wowakongoza katundu sanam'peze. Amene anapirira ndi amene anayamba kukhala ndi akaunti ndi kabuku ka macheke, ndipo nawo anaphunzira chinthu chomwe amalonda akuluakulu ankachita kale: cheke cha tsiku lamtsogolo. Ukutenga katundu lero, ukulemba deti la mwezi wamawa. Apa cheke chasiya kukhala malipiro, chasanduka lonjezo. Milandu yambiri ya macheke imabadwira pamenepa.

Tiyeni tilowe m'khoti tione mmene zimakhalira. Tiyerekeze mayi wina wapereka matumba a nyemba kwa sapulaya, walandira cheke cha K900,000, chabaunsa. Wamudziwitsa mwini chekecho msanga, monga lamulo limafunira, ndipo wochenjera amatero polemba kalata n'kusunga kope yake. Bamboyo wangoti zii. Mayi wakasuma. Bamboyo sangakane siginecha, ndiye ayesa makomo ena.

Khomo loyamba, lomwe limatsegulidwa kawirikawiri: "Cheke chimenecho chinali chikole chabe, tinagwirizana kuti asapite nacho kubanki mpaka nditamuuza." Mawu amenewa paokha ndi opepuka, chifukwa pepala likunena zina, ndipo chikole chimene sungachigwiritse ntchito munthu akalephera kulipira ndi chikole chanji? Koma akatulutsa umboni woti theka la ndalamazo analipira kale pamanja, nkhani imasintha, chifukwa mayi uja sangadye kawiri. Khomo lachiwiri: "Katunduyo sanabwere n'komwe." Ili ndi khomo lenileni. Akatsimikiza kuti sanalandire kanthu ngakhale thumba limodzi, cheke chimagwa, pakuti kumbuyo kwake kulibe ngongole. N'chifukwa chake kapepala kosainirana potsitsa katundu, ngakhale kong'ambidwa m'kope la mwana wasukulu, kamalemera kuposa mboni zitatu za pamsika zomwe tsiku la mlandu zidzati zapita kumaliro. Khomo lachitatu: chinyengo kapena kuopsezedwa, kuti ndinasaina atanditsekera m'chipinda. Lachinayi ndi ngongole yomwe lamulo limadana nayo. Wogulitsa chamba atalandira cheke chobaunsa, apite akalire kunyumba, khoti silingamuitanitsire. Chimodzimodzi mphatso. Bambo akalembera chibwenzi cheke cha chikondi, kenaka n'kuimbira banki kuti musalipire, mtsikanayo alibe mlandu woti akasume, poti m'maso mwa lamulo palibe chomwe anagulitsa.

Pali khomo lina lomwe limandikhudza kwambiri, chifukwa apa wolakwiridwa amakhala wolemba cheke uja. Ndi la katapila. Aphunzitsi, apolisi ndi makalaliki a m'tauni muno akuidziwa bwino nkhaniyi. Kale wakatapila ankakuuza kuti usaine cheke chopanda kanthu, deti ndi ndalama adzalemba yekha. Lamulo limati ukasaina pepala lotere n'kulipereka, wam'patsa mnzakoyo mphamvu yodzaza, koma adzaze motsata zomwe munagwirizana. Nanga munagwirizana zingati? Unakongola K50,000, iye walemba K400,000, ndipo munali awiriwiri kuseri kwa golosale. Mfundo ija ndimaiyamikira, yoti wosaina ndiye afotokoze, pano yasanduka mpeni m'manja mwa wakatapila. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti tili ndi lamulo lotchedwa Loans Recovery Act, lomwe limalola khoti kufukula mgwirizano wa ngongole likaona kuti chiongoladzanja chake n'chankhanza, n'kuchitsitsa. Koma ndani amakasuma wakatapila amene adzamufunenso mwezi wamawa? Masiku ano sasunganso cheke. Amasunga khadi lako la ATM ndi nambala yachinsinsi, tsiku la malipiro n'kukatapa yekha. Khoti sakulifunanso.

Mwambi uja, mlandu suwola, kukhoti sugwira. Limitation Act imapereka zaka 6 zoti munthu akasume pa ngongole ya mgwirizano. Zikadutsa, ngongole ilipo ndithu, wokongolayo akuidziwa, Mulungu akuidziwa, koma khoti litseka chitseko. Chomwe chingaitsitsimutse ndi wokongolayo kuivomera polemba n'kusaina, kapena kubwezako pang'ono, pamenepo zaka zimayambanso kuwerengedwa. Nacho cheke chili ndi moyo waufupi: chikatha miyezi 6 banki imachikana kuti chagona. Ndiye amene amati ndimusiye kaye, ndi wa mpingo wathu, adziwe kuti ulemu wakewo uli ndi deti lothera.

Komanso kupambana mlandu si kulandira ndalama. Ukhoza kutuluka ndi chigamulo m'manja, masherifu n'kupita kwa munthuyo, n'kupeza kuti galimoto ili m'dzina la mkazi wake, firiji ndi ya alamu ake. Uku kwacha ikusungunuka. Mu May 2022 inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Amene anakongola matumba 20 zisanachitike zimenezi, akabweza lero ndalama yomwe inalembedwa pachekepo, wakubwezera matumba angati? Wokongola wochenjera amadziwa kuti kuchedwa kulikonse ndi phindu lake.

Nanga bwanji osangowamanga? Funso limeneli ndimalimva pamsika pafupifupi sabata iliyonse. Yankho lili m'malamulo aakulu a dziko a 1994, gawo 19, lomwe limati munthu asatsekeredwe m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa mgwirizano. Umphawi si mlandu. Apolisi amalowerera pakaoneka chinyengo, mwachitsanzo munthu akatenga katundu ndi cheke cha akaunti yomwe akudziwa kuti inatsekedwa kalekale. Pamenepo ndi kupeza katundu mwabodza, gawo 319 la Penal Code. Koma kutsimikiza zomwe munthu ankadziwa mumtima mwake tsiku lomwe ankasaina si masewera.

Maiko ena anayesa njira ya ndende, ndipo tione zomwe anakolola. Ku India, mu 1988, anawonjezera gawo 138 m'lamulo lawo lakale la 1881, kuti cheke chikabaunsa chifukwa chosowa ndalama muakaunti ukhale mlandu wa upandu. Wolandira amalemba kalata yoitanitsa pasanathe masiku 30, wolemba cheke amapatsidwa masiku 15 kuti alipire, akalephera akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 2 kapena kulipa kuwirikiza kawiri. Koma nawonso anaikamo mawu akuti chekecho chikhale cha ngongole yomwe lamulo lingakakamize kubweza, ndiye mkangano unangobwerera pa funso lathu lija. Aliyense woimbidwa mlandu amati chinali chikole, chinali chopanda kanthu, ngongoleyo inaola kale. Khoti lawo lalikulu linagamula mu 2010, pa mlandu wa Rangappa ndi Sri Mohan, kuti khoti liziyamba ndi kuganiza kuti ngongole ilipo, wokana ndiye aonetse zokayikitsa. Ngakhale zinatero, pofika kumapeto kwa 2019 milandu ya macheke yodikira kuweruzidwa inali pafupifupi 3.5 miliyoni. Lamulo lomwe linabwera kuti ndalama zizibwezedwa msanga linadzaza makhoti mpaka pakhomo.

Anzathu a ku Zambia anachita zofanana mu 2007 ndi lamulo lawo la National Payment Systems Act. Munthu wotchuka amene linam'gwira ndi George Mpombo, yemwe anali nduna ya zachitetezo. Mu 2010 khoti la majisitireti ku Ndola linam'peza wolakwa pa cheke cha K10 miliyoni ya ku Zambia ya nthawi imeneyo, n'kumugamula masiku 60 m'ndende. Chomwe anthu ankanong'onezana n'chakuti bamboyu anali atatula pansi unduna chaka chapitacho n'kuyamba kudzudzula Pulezidenti Rupiah Banda poyera. Ine sindikuti khoti linalakwa. Ndikungoti lamulo lomanga anthu pa cheke limakhala ndodo yabwino kwa amene ali ndi mphamvu yosankha woti amenyedwe.

Tsopano tibwerere kwathu, chifukwa mlandu waukulu wa macheke m'mbiri ya Malawi ndi wa macheke amene sanabaunse.

Usiku wa pa 13 September 2013, Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, anawomberedwa pageti la nyumba yake ku Area 43 ku Lilongwe. M'masabata otsatira tinayamba kumva za ogwira ntchito m'boma a malipiro ochepa akupezeka ndi mamiliyoni m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba. Ndiyo Cashgate. Njira yake inali yosavuta mochititsa manyazi. Munthu ankalowa m'makina a boma olipirira, a IFMIS, n'kulemba kuti kampani yakuti yagwira ntchito yakuti. Cheke cha boma n'kutuluka, n'kusainidwa, n'kukaikidwa kubanki, ndalama n'kutapidwa, kenaka zolembedwa zija n'kufufutidwa m'makinamo. Akatswiri owerengera ndalama a kampani ya Baker Tilly ya ku Britain anapeza kuti pakati pa April ndi September 2013 pokha panasokonekera ndalama zoposa K13 biliyoni, ndipo pafupifupi K6 biliyoni mwa izo zinapita ku makampani omwe sanapereke katundu kapena ntchito ina iliyonse. Maiko otithandiza anaimitsa thandizo la bajeti, ndipo amene tinapita kuchipatala m'miyezi imeneyo tikukumbuka kuuzidwa kuti mankhwala mukagule.

Woyamba mwa akuluakulu kumangidwa anali Treza Senzani, mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, yemwe anavomera kuti kampani yake, Visual Impact, inalandira K63 miliyoni popanda ntchito. Anam'patsa zaka 3 mu October 2014. Koma mlandu waukulu unaweruzidwira konkuno kwathu. Mu September 2015, ku High Court ya ku Zomba, Jaji Redson Kapindu anagamula Oswald Lutepo, wabizinesi yemwe analinso mkulu m'chipani cholamula cha nthawiyo, kuti akakhale m'ndende zaka 11, atavomera milandu yokhudza K4.2 biliyoni.

Taikani zinthu ziwirizi pamodzi. Mayi wa nyemba uja ali ndi ngongole yeniyeni, matumba anatsitsidwa dzuwa likuswa mtengo, ana asukulu anadya, koma cheke chake chabwerera ndipo ayenera kuyenda miyezi kukhoti. Uku macheke a mamiliyoni mazanamazana, opanda thumba ngakhale limodzi kumbuyo kwake, anadutsa m'manja mwa osaina, m'mabanki, mpaka ndalama kutuluka pakauntala, osabwerera ngakhale kamodzi. Funso lomwe mayi uja amafunsidwa ndi loya wa mnzake, kuti katunduyo ali kuti, linadzafunsidwa ndalama zitapita kale. Mfundo ya Chalmers yoti pepala losainidwa likhulupiriridwe inagwira ntchito bwino lomwe. Inangotengera kuti wasainayo ndi ndani. Mu 1910 siginecha yokhulupirika inali ya mzungu wa paesiteti, mu 2013 inali ya ku Capital Hill. Ndikamadutsa pafupi ndi khotilo popita kukaoda, zimenezi zimandibwerera m'mutu.

Lero cheke chikutha. South Africa inasiyiratu macheke pa 31 December 2020, ndipo kuno masapulaya ambiri sayendanso ndi kabuku. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba ya TNM mu 2013, mabanki nawo ali pafoni. Palibe amene akulira mizere ya kubanki kapena masiku odikira aja, ine ndemwe. Ndalama ikalowa yalowa, siibaunsa.

Koma taonani chomwe chatsala m'manja mwa wokongoza. Kale munthu wotenga katundu pangongole ankasiya pepala lokhala ndi dzina lake, kuchuluka kwa ndalama m'manambala ndi m'mawu, deti, ndi siginecha. Likabaunsa unkakwiya, komatu unali utagwira umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse umene munthu wa pabenchi anakhalapo nawo, umboni wokakamiza mnzakoyo kuti ayambe ndiye kufotokoza. Lero amasiya chiyani? "Ndikutumizirani madzulo." Madzulo foni yazima. Ena amakuonetsa chithunzi cha uthenga wonama kuti ndatumiza, netiweki ndiyo ikuchedwa. Ukapita kukhoti ulibe pepala lotembenuza mtolo, ndiwe woyamba kutsimikiza zonse: kuti unam'patsa katundu, wochuluka bwanji, pa mtengo wanji, kuti adzalipira liti. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limalola mauthenga a pafoni ndi pakompyuta kukhala umboni, ndiye uthenga wa pa WhatsApp woti "mayi ndikudziwa ndatsala ndi 300 yanu" ndi chuma, musaufufute, ndipo foniyo isagwe m'madzi. Koma uthenga wa Mpamba kapena Airtel Money umangonena kuti ndalama yachoka pa nambala iyi kupita pa nambala iyo. Sunena kuti inali ya chiyani. Wina adzati inali kubweza ngongole yonse, wina adzati inali ya oda ina, wachitatu adzati nambalayo ndi ya ejenti.

Ambiri a ife pamsika tabwerera ku kope la ngongole, lija la chikuto cholimba losungidwa pansi pa benchi limodzi ndi majumbo. Vuto lake ndi lakuti kope lolemba wekha, wosainamo iwe wekha, limangonena zomwe iwe ukunena. Langa ndinalijambula mizere inayi: deti, katundu, ndalama, ndi mzere wotsiriza wa wotenga katunduyo, kuti alembe yekha dzina ndi dzanja lake n'kusaina. Ena amasaina akuseka, amati mayi mwasanduka banki. Ena nkhope imagwa, amafunsa ngati sindikuwakhulupirira pambuyo pa zaka zonsezi, n'kubweza bolopeni osalemba, n'kupita kukatenga nyemba pa benchi lachitatu kuchokera pa langa.